Chaka Chomwe Ndinathawa Mpikisano

Ku koleji ankandidziwa ndi miyendo. Ndinkathamanga mitunda italiitali, ndipo aphunzitsi athu a zamasewera ankakonda kunena pamaso pa anzanga kuti mwana wokulira m'zitunda za ku Ntchisi satopa. Poyamba mawuwo ankandikoma, koma kenako anayamba kundilemera. Ndikangofika pabwalo la zamasewera mtima unkagunda ngati ndathamanga kale. M'kalasi ndinkabwereza mzere umodzimodzi osatolapo kanthu. Chakudya ndinkangochiyang'ana.

Mpikisano wa makoleji utayandikira, m'mawa wina anzanga akupita kokonzekera, ine ndinanyamula chikwama n'kukwera minibasi osatsanzika munthu. Ndinatsikira pa Malomo, n'kukwera kabaza mpaka kwathu.

Inali nyengo yosoka fodya. Amayi atandiona anandigwira pachipumi.

"Thupi silikutenthatu. Chikukupweteka n'chiyani?"

"Palibe, amayi."

"Nanga wabwereranji sukulu isanatsekedwe?"

Kenako anandiuza kuti ndiziwathandiza m'chigafa, koma kukhala pansi kunkandikanika. Ndikasoka masamba angapo ndadzuka kale, kukaona mbuzi, kubwerera, kutsetserekera kudimba popanda chokatenga. Abambo ankangondiyang'ana cham'mbali. Odutsa m'njira ankafuula kuti, "Wothamanga wathu, chikho chili kuti?" Ndinkaseka nawo modzikakamiza. Foni ndinali nditaizimitsa.

Masana ena pakhomo pathu panaima kabaza. Anatsika mtsikana wa ku Mvera amene tinkathamanga naye mtunda umodzi, fumbi mpaka m'nsidze. Sitinali pachinzake kwenikweni. Ndinkamuopa, chifukwa nthawi zonse ndinkamva mapazi ake kumbuyo kwanga. Anachita kufunsira njira kuchokera pa Malomo.

Atapereka moni kwa makolo, ndinamutengera kuphiri la kuseri kwa mudzi, poti pampando sindikanakhazikika. Tinkakwera mwachangu ngati tikuthamangitsidwa.

"Akutuma aphunzitsi?" ndinamufunsa.

"Ayi. Ndabwera ndekha. Iwe, ndikamachedwa kubafa tsiku la mpikisano, umaganiza ndimadzikongoletsa? Ndimakhala ndikusanza."

Ndinaima. Iye anapitirira pang'ono, n'kutembenuka.

"Kuli mayi wina ku ofesi ya uphungu, kuseri kwa laibulale. Ndimapitako."

"Ine sindine wamisala."

"Nanga ine ndikuoneka wamisala?"

Ndinafuna kuseka, koma m'malo mwake inabwera misozi. Ndinamuuza zonse mosalongosoka, za kugunda kwa mtima, za mantha oti ndikalephera mudzi wonse udzandiseka, za mayeso amene sindinawerengere. Sanandidule mawu. Ankangothyola udzu n'kumautafuna, maso ali kuminda ya chimanga kumunsi.

Anagona kwathu, ndipo m'mawa mwake ndinauza makolo kuti ndikubwerera. Ndinayesa kuwafotokozera kuti matenda anga ndi a maganizo. Amayi sanamvetse bwinobwino, koma anatikazingira mtedza wapaulendo. Abambo anatiperekeza mpaka kumsewu, ndipo kabaza atafika anangoti, "Tinakutumiza kukaphunzira. Zothamangazo ukazione wekha."

Ku ofesi ija ndinazungulira kangapo ndisanagogode. Mayiyo anandilola kulankhula nditaimirira, ndikuyendayenda kuchokera pazenera kufika pachitseko. Aphunzitsi a zamasewera anakwiya, anatha masiku osandiyankha moni, koma mayiyo atakambirana nawo anavomera kuti ndipume.

Mpikisano wa chaka chimenecho sindinathamange. Mnzanga wa ku Mvera uja anathamanga, sanapambane, ndipo pobwera anandipeza ndikulimbana ndi mabuku, mwendo ukugwedezeka pansi pa tebulo. Mayeso ndinakhoza movutikira. Teremu yotsatira ndinabwerera pabwalo, ndinkathamangira kumbuyo kwa gulu, ndipo masiku ena ndinkalekera panjira n'kupita kukasamba.