Atcheyamani Adzaona Kupuma

Mulungu sanandipatse msinkhu, ndipo pa mawu anandimananso. Chaka chimene ndinayamba kuphunzitsa ku Bangwe ndinali wongogwirizira, wopanda pepala la kukoleji, choncho anandipatsa Sitandade 3, kalasi imene aphunzitsi onse anali ataikana. Ana anali ochuluka moti ndikamaitana mayina, pofika kumapeto oyambirira aja anali atayamba kale ndewu. Ena anali atali kundiposa. Ndodo ndinayesa kamodzi, inathyokera pabolodi, ana n'kuwomba m'manja.

Tsiku lina ahedi anandiitana.

"Madamu, phokoso la kalasi yanu likumveka mpaka kumsika. Temu ino ikatha zili chonchi, tiona wina."

Ndinadziwa tanthauzo lake. Ntchito ikatha ndinali wobwerera kwathu ku Thyolo, kumene amalume anali atandipezera kale mwamuna wa mano atatu, ndipo m'kalata iliyonse ankandikumbutsa kuti munthuyo ndi woleza mtima.

Loweruka ndinapita kukadandaula kwa azakhali, amene ankagwira ntchito m'nyumba ya amwenye ku Limbe. Ndikulowa kuseri ndinapeza agogo a panyumbapo atakhala pamkeka, miyendo atapinda, maso atatsinzina, osagwedezeka. Ndinatsala pang'ono kukuwa kuti kwagwa zovuta. Azakhali anandigwira pakamwa nati agogowo amatero m'mawa uliwonse, dzina lake ndi yoga. Atatsegula maso anamva nkhani yanga, nandikhazika pamkekapo. Chinyanja chawo chinali cha m'sitolo.

"Iwe puma. Pang'ono pang'ono puma. Mtima iwe thamanga kwambiri."

Ndinapitako Loweruka zinayi. Zina zimene anandionetsa, zokweza miyendo kumwamba, ndinazisiya komweko, pakuti masiku amenewo mkazi sankavala thalauzi, ndipo ndi diresi zikanandithetsera ntchito msanga kuposa phokoso. Ndinatengako kukhala mopinda miyendo, kuima ndi mwendo umodzi ngati kakowa, ndi kupuma.

Lolemba ndinauza ana kuti akhale bwino pansi. Madesiki analipo kale ngati? Ndinati apinde miyendo, atsinzine, inenso ndinatsinzina kuti aonere kwa ine.

"Tsopano pumani."

Kunamveka chiphokoso, kenako zii. Mumtima ndinati agogo aja ndi mfiti, zatheka tsiku limodzi! Potsegula maso ndinapeza ndili ndekha ndi mabuku awo. Onse anali pabwalo, ena akumenya mpira wa mapepala, ena ali kale pamzere wa zigumu. Nditawakusa, mtsikana wina anandiyang'ana modabwa.

"Koma Madamu, mwanena nokha kuti tipume."

Sanalakwe. Mawu ndi amodzimodzi, ndipo pasukulu kupuma kumene mwana amakudziwa ndi kwa belu. Mawa lake ndinasintha. Ndinati, "Kokani mpweya. Tulutsani mpweya." Wina wakumbuyo anamvera ndi mtima wonse, koma mpweyawo unatulukira khomo lina, ndipo phunziro linathera pomwepo.

Sindinasiye, chifukwa kalata ya amalume inali m'chikwama. M'mawa uliwonse, tikangolowa, dzanja pamimba, maso otsinzina, kukoka, kutulutsa. Sabata yachitatu anayamba kupikisana kuti aone womaliza kutsegula maso. Pofika mwezi, ndikati "pumani" palibe ankathamangira kukhomo. Ndinayamba kumva mawu anga ndikamaphunzitsa samu, ndipo ndinawakonda ana aja, ngakhale wa mpweya uja.

Ndinaiwala chinthu chimodzi. Zaka zimenezo phokoso silinkaopsa munthu. Chimene chinkaopsa chinali anthu ambiri kukhala chete pamodzi. Ana ankati akafika kunyumba amauza makolo kuti Madamu akutiphunzitsa kupuma. Wina atatumidwa kumpope anayankha amayi ake kuti adikire kaye, akupuma. Nkhani inayenda mpaka inafika kwa atcheyamani a chipani a m'dera lathu, bambo wa mimba yake, wogulitsa nyama pamsika, amene ankavala jekete ndi baji ngakhale dzuwa liswe mtengo.

Tsiku lina anandiitanitsa, ndipo ndinawapeza mu ofesi atakhala pampando wa ahedi. Ahedi anali ataima, akuwerenga kalendala ngati akuiona koyamba.

"Ndinu amene mukuphunzitsa ana kupuma?"

"Eee, bwana."

"Boma likuti tigwire ntchito molimbika. Inu mukuti ana apume. Ndiye timvere ndani, mayi?"

 Funso lotere silinkathera pa kuchotsedwa ntchito pokha.

"Si kupuma kwa holide, bwana. Ndi kupuma kwa mphuno."

"Kwa mphuno? Mwana wanga wakhala akupuma chibadwire popanda sukulu. Nanga akatsinzinawo amapemphera kwa ndani? Si za mpingo woletsedwa uja zimenezi?"

Ndinalumbira kuti palibe pemphero. Ndinatembenukira kwa ahedi kuti andithandize, koma iwo anali adakali pa mwezi wa Okutobala. Atcheyamani anati adzabwera okha mawa lake adzaone ndi maso awo, ndipo akapeza kanthu kena, nkhaniyo ipita kutsogolo.

Anafika chakumasana, malata akuthetheka ndi kutentha, iwo atadya kale zawo pamsika. Ndinawapatsa mpando wanga patsogolo, moyang'anana ndi ana. Anati nawonso atsinzina, kuti amve chimene chimamveka mumdimamo. Ana sindinawauze kanthu, koma ana a mu tauni samauzidwa. Analowa mwakachetechete ngati kumaliro.

"Dzanja pamimba. Tsinzinani. Kokani. Tulutsani."

Atcheyamani anaika dzanja pamimba, ngakhale dzanja limodzi linali lochepa pa ntchitoyo. Tinakoka kasanu, kakhumi. Kenako ndinamva kaphokoso ngati lole ikulephera chitunda. Ndinasuzumira ndi diso limodzi. Mutu unali utagwera kumbuyo, pakamwa yasa, baji ikukwera ndi kutsika. Atcheyamani anali kuliza mkonono.

Ndinayang'ana ana. Awa anali ana amene ankaseka choko chikagwa, amene anaseka sabata yathunthu nkhani ya mpweya ija. Mmodzi yekha akanangoti khi, onse akanaphulika, atcheyamani akanadzuka n'kupeza kalasi yonse ikuwaseka, ndipo ine ndikanaona mano atatu aja ngati ndili ndi mwayi. Kuwadzutsa sindikanatha. Ndinangopitiriza.

"Kokani."

Mkonono unakoka.

"Tulutsani."

Unatulutsa, ndi kamluzu kumapeto.

Mapewa a ana anali kugwedezeka mzere wonse. Mtsikana uja anali ataluma kolala ya yunifolomu, misozi ikutsika m'masaya. Wa kumbuyo uja anali atagwira mimba ndi manja onse awiri, ndipo ndinamupempherera m'njira ziwiri. Ntchentche inazungulira pakamwa pa atcheyamani, inaganiza bwino, n'kubwerera. Palibe anatulutsa mawu. Ankakoka mpweya wautali monga ndinawaphunzitsira, n'kumeza phwete limodzi ndi mpweyawo, n'kukokanso. Sindikudziwa kuti zinatenga mphindi zingati. Kwa ine inali temu yonse.

Chitsulo cha belu chitalira panja, atcheyamani anadzidzimuka, napukuta pakamwa, namwaza maso. Anapeza ana onse ali phee, maso otsinzina, misana yowongoka.

"Ndamva zonse," anatero. "Ndimamvetsera bwinobwino. Mulibe pemphero umu."

Anaimirira, nakonza jekete, nauza ahedi amene anali atabisala pakhomo kuti sanaonepo ana osunga mwambo chonchi. Anangolamula chimodzi, kuti dzina lisinthe. Pa taimutebulo tisalembe kupuma, tilembe kusunga mwambo. Ahedi anavomera msanga nati iwo anali ataganiza kale zomwezo, ndipo Madamu awa ndi mphunzitsi amene sukulu ikumudalira.

Awiriwo atapita, ndinatsala ndi ana. Anali akadali pansi, nkhope zitatupa, akundiyang'ana.

"Pumani," ndinatero. "Kwa belu."

Anatuluka mwaulemu, wina pambuyo pa mnzake. Anadutsa ofesi akuyenda bwinobwino, anadutsa bwalo la mpira, mpaka kumapeto kwenikweni kuseri kwa zimbudzi, kumene atcheyamani sakanamva. Kumeneko ndiye anagwa pansi onse, kugubuduzika m'fumbi, kuseka mpaka kutsokomola.

Ine ndinaima pawindo ndikuwaona. Anali atanyamula kuseka konse kuja mtunda wonsewo kuti Madamu awo wamfupi asachoke. Ndinafuna kuseka nawo koma ndinapezeka ndikulira, ndipo madzulo ake ndinalembera amalume kuti munthu woleza mtima uja asandidikire.