Mlamu amene tinamusudzula

Mlongo wanga wamng'ono atamwalira anasiya mwana mmodzi, mtsikana amene anali atangoyamba kuyenda. Ife tinakulira muno mu Kabwe, kumene bambo athu anabwera kudzagwira ntchito ya njanji, koma pa maliro tinatsata mwambo wa kwathu kum'mawa. Titaika, tinakhala pansi ndi abale a mwamuna wake ndipo tinamusudzula. Tinamuthokoza chifukwa chotisungira mlongo wathu, n'kumuuza kuti ndi womasuka kukakwatira kwina. Mwana anatsala m'manja mwanga, pakuti kwathu mwana ndi wa kuchikazi ndipo malume ndiye mwini mbumba. Mlamuyo sanatsutse. Ananyamula chikwama chake n'kusamukira ku Kamushanga, komboni ina ya muno momwemuno, ndipo m'mitima mwathu nkhani yake inathera pomwepo.

Mwanayo anakulira m'nyumba mwanga ku Chililalila mpaka anayamba sukulu. Kenaka mkazi wanga anadwala matenda oumitsa ziwalo, ine maso anayamba kuchita khungu chifukwa cha shuga. Mlongo wanga wina, amene ndi namwino ku Mangalande, anati amutenge mwanayo akamulere. Palibe anaona chachilendo. Mkulu wake wa mayi ako ndi mayi ako, ndipo mwanayo ankamuitana kale kuti amayi pa foni. Tinkaganiza kuti ndi nkhani ya pasipoti ndi tikiti basi.

Boma linatiuza zina. Pamaso pa lamulo mlongo wangayo anali ngati mlendo wodzapempha mwana wa eni. Anayenera kubwera, kukhala ndi mwanayo nyumba imodzi kwa miyezi, a welofeya akumawayendera, kenaka kukaima m'khoti. Anapempha tchuthi ku chipatala chimene amagwirako ntchito, n'kubwera. Tinayamba kuyenda m'maofesi: kudinditsa zala kupolisi, kupimitsa magazi, kufunafuna chikalata cha imfa ndi cha kubadwa. Pepala lina likatuluka, lina limakhala litatha nthawi yake. Mlongo wanga anasiya kudya bwino. Tchuthi chake chinkatha, ndipo akanachedwa kubwerera ntchito ikanamuthera, pamodzi ndi chilolezo chokhalira kumeneko.

Tsiku lina mayi wa ku welofeya, wachitsikana ndithu, wobadwira m'tauni, anatsegula fayilo yathu n'kufunsa, "Nanga batate bake ba mwana bali kuti?"

"Tinawasudzula," ndinayankha motero, mtima uli m'malo.

"Kusudzula ni chani, ba uncle? Banafa?"

Ndinamufotokozera mwambo wonse. Anamvetsera mwaulemu, n'kupukusa mutu. "Sorry, ba uncle. Imwe munabasudzula, koma boma sinabasudzule. Ngati bali moyo bafunika basaine. Bakakana, mwana ni wao."

Mawu otsirizawo anandilowa m'mafupa. Tinatuluka. Panja pa khoti, pafupi ndi ofesiyo, pali amuna olemba makalata olumbirira, ndipo mmodzi amene anali atatizolowera anatiitana. Atamva, anaseka. "Mudala, iyo ni nkhani ing'ono. Mulumbile chabe kuti simuziba kwamene bali. Bonse bachita so."

Mlongo wanga anandiyang'ana. Sananene kuti tichite, komanso sananene kuti tisachite. Ine ndinkadziwa kumene mlamuyo ali. Ndinkamuona ndili m'minibasi, akuwotcherera mageti m'mbali mwa msika. Dzanja limene ndimanyamulira Baibulo popita kukapemphera ndi odwala, ndikanaliika bwanji pa Baibulo lomwelo n'kuchita umboni wonama? Komabe ndinkaopa choonadi kuposa bodzalo. Munthu amene wagona osaganiza za mwana, ukamudzutsa angathe kukumbuka kuti ali ndi mwana. Ndinkaona mtsikana wathu akutengedwa kupita kwa mayi womupeza amene sitikumudziwa, mlongo wanga akukwera ndege yekha.

Ndinasala kudya, ndinapemphera, koma mantha sanachoke. Ndinapita nawo choncho ku Kamushanga.

Ndinamupeza atawerama pa chitseko chachitsulo, moto ukuthetheka. Anakweza magalasi ake akuda owotcherera n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Ba mulamu! Mwasoba njila? Kapena mufuna geti?"

Anyamata ogwira naye ntchito anaseka. Ndinamupempha kuti tipite pambali, ndipo ndinamuuza zonse, osabisa ngakhale zakuti akakana ife tilibe mphamvu. Ankamvetsera akupukuta manja pa ovolosi.

"Munanipasa ufulu pa malilo," anatero. "Manje mwabwela kubweleka kwanja yanga yosainila." Kenaka anati, "Nizasaina. Koma pa Chiwelu mwana abwele kwanga. Bamai banga sibanamuonepo kuchokela tsiku ija. Nizabwela kumutenga kuseni. Eka, ba mulamu. Osati na imwe, osati na ba nurse." Ndinavomera, n'kulonjeza kuti sinditumiza munthu wowatsatira.

Nditafika kunyumba n'kunena zimenezi, mlongo wanga anaimirira. "Alongo, mwapenga? Akapita naye kumudzi kwa amayi akewo tikamupeza kuti? Tikadandaula kwa yani, poti mwamva nokha kuti mwana ndi wake?"

Mkazi wanga, amene kulankhula kumamuvuta, anatimva ali pa mpando wake. Anakoka malaya anga n'kunena pang'onopang'ono kuti, "Anapempha. Akanatha kungotenga." Mlongo wanga analowa kuchipinda n'kutseka chitseko.

Loweruka m'mawa mlamu anabwera atavala shati yoyera. Mwanayo tinali titamuuza kuti awa ndi atate ake, koma anabisala kumbuyo kwa mlongo wanga atagwira chitenje. Mlamu anagwada pansi, n'kutulutsa m'thumba kanjinga kakang'ono kamene anapanga ndi waya, mawilo ake ozungulira. Mwanayo anatambasula dzanja. Ndinawaona akutsika ndi msewu, iye patsogolo, mwanayo pambuyo pang'ono akuyendetsa kanjingako m'mwamba. Pokhota mwanayo anacheuka kamodzi.

Tsiku limenelo ndinalimva kutalika kuposa tsiku la maliro. Ndinayesa kuwerenga, zilembo zinkasambira. Ndinakumbukira mayi uja wa m'Malemba amene anaika khanda lake m'kabokosi ka gumbwa n'kukasiya pa madzi, ndipo ndinazindikira chimene sindinkachiona kale, kuti iye anali ndi mwana wamkazi womuonerera patali. Ine ndinali nditalonjeza kuti sinditumiza munthu. Ndinakumbukiranso akazi awiri aja olimbirana mwana pamaso pa mfumu, ndipo ndinadzifunsa kuti pa mlandu wathuwu wolola kutaya mwana kuti akhale ndi moyo ndani, ine kapena wowotcherera mageti uja. Funsolo silinanditonthoze. Ndinkangonena kuti, Ambuye, mwana wamasiye ndi wanu, ndinu munatero.

Masana mlongo wanga anaimba foni ya mlamu. Inali yozima. Anaimbanso, n'kuimbanso. Kenaka anavala nsapato.

"Ndikupita kupolisi."

"Ukawauza kuti chiyani? Kuti bambo watenga mwana wake titamupatsa tokha?"

"Ndinu munamupatsa, alongo. Ine ayi."

Anakhala pa khonde nsapato zili kuphazi. Ananena zoona. Minibasi iliyonse ikaima pa siteji, tonse tinkatukula mitu. Ankatsika amayi a madengu, ana a kwaya ochokera kokonzekera nyimbo za mawa, munthu wonyamula thumba la malasha. Dzuwa linapendeka. M'maganizo ndinali nditayamba kale kukonza mawu okauza mkazi wanga.

Mlamu anatulukira wapansi, kuchokera mbali imene sitinkayang'ana. Mwanayo anali pa mapewa a atate ake, tsitsi litalukidwa mwatsopano, mapazi ali mbuu ndi fumbi, m'manja atakumbatira nkhuku yomangidwa miyendo. Mlongo wanga anathamanga, koma atafika pafupi anaima, osadziwa chochita ndi manja ake.

"Foni inasila moto," mlamu anatero akumutsitsa. "Kulibe malaiti kwathu kuchokela dzulo. Nkhuku ni ya bambuya bake. Bakamba ati akadyele ku ndeke." Anaseka yekha, koma maso ake anali ofiira. "Munaganiza nathaba naye, ai, ba mulamu?"

"Ndinaganiza choncho," ndinavomera.

"Naine ninaganizako," anatero. "Pa njila apa."

Lolemba anabwera ku welofeya ndi shati yomwe ija. Tsiku la khoti, woweruza anamufunsa ngati akumvetsa kuti akasaina sadzakhalanso tate wa mwanayo pamaso pa lamulo. Mlamu anati akumvetsa, ndipo anapempha cholembera.

Mapepala sanathere pomwepo. Ku Lusaka anatichedwetsanso, ndipo mlongo wanga anachita kupempha masiku oonjezera ku ntchito, akulira pa foni. Koma anakwera ndege awiri.

Masiku ano mlongo wanga amaimba Lamulungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi, pa foni yoonetsa nkhope. Lamulungu loyamba ndinapeza mlamu ataima pa geti langa, akuligwedeza, akuti mahinjesi ake atha ndipo abwera kudzawakonza. Analibe chitsulo chilichonse m'manja. Ndinamulowetsa, ndinamupatsa mpando pafupi ndi mkazi wanga. Foni italira ndinaipereka kwa iye poyamba, poti maso anga saonanso bwino pagalasipo.