Chaka Chimene Tinakwirira Waya

Kanali kachikho koyera ngati dzira, kolemera, kozizira ngakhale dzuwa litaswa mtengo. Malo ake anali pamwamba pa mzati wachitsulo, ndipo waya wa lamya ankamangidwa m'khosi mwake. Mizati imeneyo inkatsika phiri, n'kudutsa pakati pa munda wathu cha kumunsi kwa Mphunzi, kulowera kumene sitinkakudziwa. M'miyezi yozizira mphepo ikamawomba, wayayo ankalira ngati njuchi za m'phanga. Ana tinkagunditsa khutu pamzati kuti timve zimene azungu akuuzana. Kachikhoko ndinakagwira m'manja kamodzi kokha, tsiku limene mizati inagwa.

Mdzukulu wanga amene amakhala m'tauni anandiuza tsiku lina kuti kumeneko akufuna kutsitsa mawaya a magetsi kuti aziyenda pansi pa nthaka, chifukwa mapolo akumagwera nyumba za anthu. Ankanena mosangalala ngati nzeru yatsopano. Ine ndinangomufunsa kuti adzakumbe ndani, komanso m'munda mwa yani.

Inali nthawi ya nkhondo ya Ajeremani. Bambo anali atatengedwa kukasenza katundu wa asilikali pamodzi ndi amuna onse amphamvu a m'mudzi mwathu. Pakhomo tinatsala ine, amayi, mlongo wanga amene anali wakhanda, ndi amalume, amene anasiyidwa chifukwa ankakoka mwendo wakumanzere. Ndinali ndi zaka mwina zisanu ndi zinayi, palibe ankawerenga. Nkhokwe inatha mvula isanakhazikike. Tinkadya bowa ndi nkhwani wopanda chotendera, ndipo madeya amene kale ankapita kwa nkhuku amayi ankawasinja kawiri. Chiyembekezo chathu chonse chinali chimanga cha m'munda uja, chimene chinali chitangoyamba kutulutsa ngayaye.

Tsiku lina masana kunagwa mvula yamkuntho ndi ziphaliwali. Itakata, ndinathamangira kumunda ndipo ndinapeza mizati itatu itagona, waya ali m'mizere. Anali wamkuwa, wofiirira, wosaposa phesi la udzu kukula kwake. Amalume anali atandiphunzitsa kutchera nkhwali ndi msampha wa luzi, koma luzi linkafewa ndi mvula ndipo mbalame zinkadula n'kuthawa. Ndinayang'ana uku ndi uku. Ndinapinda wayayo pamwala, kubweza, kupindanso, mpaka anatentha m'zala zanga n'kuduka. Ndinatenga wotalika mikono iwiri.

Sindinena kuti sindinkadziwa kuti n'kulakwa. Ndinkadziwa. Koma m'mimba mukamapotokola, mwana saona patali kuposa mawa.

Pa masiku atatu ndinagwira nkhwali ziwiri. Ndikukumbukira fungo la nthenga zowauka, ndi mafuta amene ndinanyambita mpaka m'chigongono. Amayi anadya mutu ndi miyendo yokha. Yachiwiriyo ndinabwera nayo msampha uli m'khosi, ndipo amalume anaumasula, n'kuutembenuza m'manja mwawo kwa nthawi yaitali.

"Izi wazitenga kuti, mwanawe?" anandifunsa motsitsa mawu.

Ndinangoyamba kuthothola nthenga za nkhwaliyo. Iwonso sanafunsenso. Anapinda wayayo n'kulowa naye kuthengo.

Patapita masiku awiri kunabwera mzungu wa lamya atanyamulidwa pa machila, ali ndi kapitawo wake ndi asilikali awiri. Anatisonkhanitsa tonse pabwalo, akazi, nkhalamba ndi ana. Aphunzitsi a sukulu ya mishoni, amene ankamva Chingelezi pang'ono, ndiwo anaimikidwa kuti azimasulira. Mzungu ankalankhula, iwo n'kumatiuza. Anati mphepo imagwetsa mizati, koma mphepo sipinda waya pamwala, ndipo sichoka ndi mikono iwiri. Anati pa nthawi ya nkhondo wodula waya ndi mnzawo wa adani. Anati wolakwayo akapanda kuonekera dzuwa lisanapendeke, nyumba zonse za mbali yathu zitenthedwa.

Ine ndinali kumbuyo kwa amayi. Ndinamva madzi ofunda akutsika m'miyendo mwanga. Ndinatsegula pakamwa, sindikudziwa ngati kunali kufuna kuulula kapena kulira, koma amayi anabweza dzanja kumbuyo osacheuka n'kundigwira pamkono mwamphamvu moti zikhadabo zawo zinandilowa m'khungu.

Pamenepo amalume anadzuka, kutsamira ndodo yawo.

"Ndine," anatero. "Ndimafuna kutchera nkhwali."

Asilikali aja anaseka atayang'ana mwendo wawo. Kapitawo anati mwendo ndi wolumala koma mutu ndi wabwino, ukhoza kusenza bokosi. Anawamanga chingwe m'chiuno kuti nawonso akasenze katundu kunkhondo. Podutsa pamene tinaima, amalume sanandiyang'ane. Anangouza amayi kuti, "Mlongo, denga likudontha chakumadzulo, mulifolere lisanawole." Ndiwo mawu awo omaliza amene ndinawamva.

Tinkayesa kuti zathera pomwepo. Koma mzungu uja anali atatopa ndi chigawo chathu, chifukwa chaka chilichonse mphepo ya m'phiri inkagwetsa mizati pamalo omwewo, ndipo tsopano anthu anali atayambanso kudula waya. Analamula kuti kuyambira patsinde pa phiri mpaka kumtsinje waya adutse pansi pa nthaka, ndipo mudzi wathu ndiwo ukumbe ngalande yake. Kapitawo anakhoma zikhomo n'kukoka chingwe. Chingwecho chinadutsa pakati penipeni pa chimanga chathu, pachulu pamene chinakula bwino koposa.

Amayi anagwada m'matope pamaso pa kapitawo, mwana ali kumsana. Sindinawaonepo akugwadira munthu motero. Anapempha kuti ngalandeyo ipatuke mapazi khumi okha, idutse m'malire mwa munda. Anapempha kuti adikire milungu itatu, chimanga chikhwime. Anati akumba okha chigawo cha anthu awiri. Aphunzitsi anakanena zonsezo kwa mzungu, ndipo anabwerera akuyang'ana pansi.

"Akuti waya sakhota, mayi."

Aphunzitsi amenewo ndinadana nawo kwa zaka zambiri, ndipo sukulu yawo ndinaisiya. Lero ndimaona kuti anangobwerekedwa pakamwa. Iwonso mng'ono wawo anali ku nkhondo komweko.

Chimanga cha m'njira ya chingwe chinadulidwa ndi zikwanje m'mawa umodzi, ndipo china chambiri chinafotseredwa ndi dothi lotuluka m'ngalande. Amayi anatola misinde yonse n'kuimanga mtolo, ndipo tinaitafuna ngati nzimbe mpaka m'kamwa munachita zilonda. Zisononkho zinali zisanaike maso. Ndinayesa kutafuna chimodzi, munali madzi okhaokha.

Tinakumba kwa milungu yambiri. Ngalandeyo inkafunika kufika m'chiuno mwa munthu wamkulu, ndipo kapitawo ankayenda ndi ndodo yoyezera. Pamwamba panali dothi lakuda lofewa, pansi katondo womata amene ankakakamira kukhasu, pansi pakenso miyala imene tinkaitentha ndi moto n'kuithira madzi kuti isweke. Ine ndinkalandira dothi m'dengu n'kukalitaya. Mvula ikagwa, makoma ankagumuka ndipo ntchito ya dzulo tinkaiyambanso. Mapazi a amayi anachita zilonda pakati pa zala chifukwa choima m'madzi. Mkaka wawo unachepa. Mlongo wanga anasiya kulira mokweza, ankangotsegula kamwa ngati kamwana ka mbalame, ndipo amayi ankamutafunira msinde n'kumudonthezera madzi ake. Nthawi yonseyo minda ya mudzi wonse inali yosabandira. Tinkaona udzu ukumeza chimanga chotsalacho tili m'dzenje, khasu lili m'manja, osaloledwa kutuluka.

Tsiku lina tili awiri ndi amayi m'ngalande, ndinalephera kupirira.

"Amayi, waya uja..."

Ananditseka pakamwa ndi dzanja lawo lamatope. Ndinamva mchenga m'mano.

"Tenga dengu," anatero.

Waya watsopano anabwera atakulungidwa pa chigudumu chachikulu chamatabwa chimene amuna achilendo ankachikankha. Anali wakuda, wonenepa ngati chala chachikulu, wonunkha phula. Anamugoneka m'ngalande, ife n'kukwirira, n'kupondaponda ndi mapazi monga achitira pamanda. Mizati anaizula n'kupita nayo. Pamwamba anandandalika miyala yopaka njereza, n'kutiuza kuti khasu lisadzagwerepo. Mwezi wozizira utafika, mphepo inawomba monga mwa masiku onse, koma m'munda munali zii.

Tinakolola madengu awiri. Amayi anayamba kupita kukasuma kutsidya kwa malire a dziko, ulendo wa tsiku lonse, kukalima m'minda ya eni kuti awapatse chinangwa. Mlongo wanga anapulumuka, ngakhale anachedwa kuyenda. Bambo anabwerera nkhondo itatha, nthiti zikuwerengeka. Amalume sanabwerere. Munthu wina wa mudzi woyandikana nawo, amene anali nawo m'gulu limodzi, anati anadwala kamwazi ndipo anasiyidwa pansi pa mtengo m'mbali mwa njira. Manda awo kulibe. Maliro tinalira popanda mtembo.

Nyengo yonse ija ndinkadikira kukwapulidwa. Amayi sanali munthu wolekerera mwana, ankandimenya ngakhale chifukwa cha mtsuko wong'aluka. Koma pa nkhani iyi sanandikhudze, sanandikalipire, sanaitchule mpaka tsiku limene anamwalira. Ine ndinkayesa kuti andida kwambiri moti akuona kuti sindiyenera ngakhale ndodo.

Pali chinthu china chimene ndinaona m'mawa wa tsiku limene mzungu anabwera, uthenga utafika kuti ali m'njira. Ndinkachokera kumadzi, ndipo ndinapeza amayi ndi amalume ataima kuseri kwa khola la mbuzi. Amayi anali atagwira ndodo ya amalume ndi manja onse awiri, akupukusa mutu, misozi ikutsika. Amalume ankawamasula zala chimodzi ndi chimodzi, akulankhula mofatsa. Awiriwo anabadwa mimba imodzi, ndipo mwa ana asanu ndi awiri anatsala okha. Atandiona, amalume anandiuza kuti ndikatule mtsuko. Ndinapita mtima uli m'malo, pakuti ndinaganiza kuti akungolimbirana ndodo yoti andikwapulire, ndipo kuti amalume andipulumutsa ku mkwapulo wa tsiku limenelo.