Kadzidzi wa Alamu Anga ndi Mbewa ya pa Ulusi

Sabata yathayi ndinaonana maso ndi maso ndi kadzidzi, ndipo ndidakali moyo. Ndayambira pamenepa kuti achibale asayambe kusema bokosi.

Ndinapita ku Bwanje kwa alamu anga, a Ngozo, kukapempha mpunga monga ndichitira chaka chilichonse akakolola. Ulendo uno ndinatsagana ndi msuweni wanga Gelesomu, wojambula zithunzi ku Lilongwe. Maukwati amutopetsa, akuti tsopano akufuna mbalame. Kamera yake ili ndi mphuno yaitali ngati munsi, moti titangotsika minibasi amayi ena anaipempha kuti akasinjire. Sindikunama ine.

Kuseri kwa nyumba ya alamu kuli mlambe, ndipo m'mphako mwake mumakhala kadzidzi. Alamu samukonda, koma sanamuthamangitsepo.

"Tinapangana kalekale," anatero. "Iye adye makoswe, ine ndidye mpunga. Moni sitipatsana."

Gelesomu anadikira masiku awiri, kadzidzi akungomuonetsa nkhongo. Lolemba anati, "Alamu, ndipezereni mbewa."

Alamu, munthu wodziwa kulandira alendo, anapalasa njinga n'kubwera ndi mpani wathunthu: zowiritsa, zothira mchere, zoyanika bwino. Gelesomu anagwira mutu. Tinaikabe imodzi pachitsa. Kadzidzi anaiyang'ana, n'kutiyang'ana ife, n'kupukusa mutu mpaka unazungulira kawiri. Ndinawerenga ndekha. Zotsalazo tinadya.

"Yamoyo, alamu. Yothamanga," anatero Gelesomu.

"Kuti mutani nayo?"

"Nyambo. Anzathu akunja amatero."

Alamu anakakumba imodzi m'mbali mwa munda. Gelesomu anaimanga ulusi kumwendo, ulusiwo n'kuumangirira pachikhomo pabwalo poyanikira mpunga, iye n'kugona chafufumimba. Dzuwa linali litangobisala kuseri kwa mapiri, kunja kudakayera.

Apa ndisiye nthabwala pang'ono.

Kodi munaonapo chinthu chachikulu ngati tambala chikuuluka popanda phokoso? Nkhunda imaomba m'manja. Khwangwala amalengeza ulendo wake kumudzi wonse. Uyu anangodziponya kuchoka mumlambe, mapiko tambalala ngati malichero awiri, n'kubwera chotsetsereka, molunjika pa ife. Mphepo yake inandikhudza patsaya, koma khutu silinamve kanthu. Masowo, abale! Achikasu ngati moto wa makala, osaphethira, ndipo sankationa n'komwe; kwa iye ife tinali zitsa. Atafika pambewa anatsogoza miyendo, nthenga iliyonse ili pamalo pake ngati anaisita.

Ine amene ndakhala ndikuthawa mbalameyi kuyambira ndili pamsana, ndinapezeka ndavula chipewa. Alamu anachita chizindikiro cha mtanda. Sindikudziwa ngati anali mantha kapena kuyamika Mlengi, ndipo ndikukayika ngati iwonso akudziwa.

Gelesomu sanakhutire. Phiko lina akuti linapindika. Lachiwiri, mbewa ina. Lachitatu, inanso. Pofika tsiku limenelo kadzidzi ankatsika tisanamalize kumanga ulusi.

"Wazolowera," anatero alamu, osaseka.

"Ndiye bwino," anayankha msuweni wanga. "Ndamudyetsa ulere masiku atatu. Boma lomwe silitero."

Lachinayi m'mawa anakwera minibasi. Mlendo ndi mame.

Madzulo omwewo kunyumba kwa alamu kunali mapemphero a mphakati, pajatu iwo ndiwo apampando. Anthu anadzaza pabwalo, pamikeka. Tili mkati mwa nyimbo yotsekera, kadzidzi uja anafika pa nthawi yake. Anatera pahandulo ya njinga ya alamu, n'kuyang'ana mwini njingayo, kudikira chakudya chake.

Nyimbo inafera m'kamwa. A Najere, amene amayambitsa nyimbo, anadumpha mpanda wopitirira msinkhu wawo atanyamula buku ndi mkeka. Mpandawo ulipo, kaoneni.

Amene anatsala chilili ndi a Maseko, oyandikana nyumba, omwe mwana wawo wakhala akudwala malungo.

"Kodi a Ngozo," anafunsa mwaulemu woopsa, "chiweto ichi munayamba liti?"

Alamu anafotokoza za kamera, za ulusi, za anzathu akunja. Inuyo mukanamva? Munthu wamkulu, wapampando, kukumba mbewa masiku atatu n'kumapatsa kadzidzi pabwalo pake dzuwa likulowa. Ineyo mboni yawo ndinalumbira, koma mbiri yanga pa nkhani zoona mukuidziwa.

Kwathu kuno mawu amene a Maseko sanawatchule aja si ocheza nawo. Anthu asamukapo m'midzi chifukwa cha mawu amenewo. Alamu anaona nkhope za anzawo opemphera nawo, analowa m'khitchini, n'kutuluka ndi chikuni cha moto. Anaponya. Mawa lake, anthu akuonerera, anafukiza utsi mumphako muja. Kadzidzi anatuluka masana dzuwa likuswa mtengo, n'kulowera kumunsi kwa dambo. Ngakhale pothawa sanachite phokoso.

Ndinamuimbira Gelesomu.

"Ndalakwanji, msuweni? Sindinamugwire. Ndipo anthu akaona chithunzichi asiya kuzigenda mbalamezi."

Mwina akunena zoona. Ine ndemwe chipewa ndinavula. Koma mbalame ija inakhala mwamtendere chifukwa chimodzi: inkadziwa kuti munthu ngwotalikirana naye. Nzeru imeneyo ndi imene tinaigula ndi mbewa zitatu. Kwina kadzidzi wozolowera anthu amathera pansi pa galimoto. Kuno amathera pa chikuni, ndipo amatenga ndi dzina la munthu.

Ndipo si makadzidzi okha amene timawamangira ulusi. Simunaone thumba la ufa likugwiridwa mbali zonse ziwiri, wopereka osalisiya mpaka kamera italira? Wolandirayo amamwetulira bwino kwambiri. Amene amabwerako sabata yotsatira kudzaona kuti zamuthera bwanji ndi ndani?

Alamu tsopano akuloledwanso kutsogolera mapemphero, ngakhale a Najere akumakhala pafupi ndi chipata. Makoswe amva kuti mlonda anachotsedwa ntchito. Pamene ndinkanyamuka anali atayamba kale kusankha mafumu pamatumba a mpunga, ndipo wina anandifunsa kuti thumba langa ndikupita nalo kuti. Sindikunama ine.

Chithunzi chandifika pafoni dzulo. Ndachiyang'ana mwina kakhumi, ndipo nthawi iliyonse tsitsi limanyamuka: mapiko aja, maso aja, mlambe uli kumbuyo. Ndawatumizira alamu. Andiyankha ndi funso limodzi, ndipo ndikukupatsirani inu amene mudzachiomberere m'manja chikadzapachikidwa pakhoma mumzinda:

"Chokongola ndithu. Nanga ulusi uja uli pati?"