Zikhomo za M'munda wa Apongozi

Sukulu ndinaisiya ndili Sitandade 3. Anthu amati ndinalephera, koma amanama. Masamu ndinkawamwa ngati thobwa. Chimene chinachitika n'chakuti mbuzi inalowa m'kalasi n'kudya theka la buku la aphunzitsi, ndipo poti mbuziyo inali ya kwathu, anati ndigone pansi. Zikwapu ziwiri ndinapirira. Pofika chachitatu ndinadzuka, n'kuwalanda mkwapulowo, n'kuuthyola pabondo. Sindinabwererenso, ndipo palibe amene ananditsatira.

Pa chipika chimene tinkakhalira m'kalasimo tinalipo awiri, ine ndi mnzanga wina wa mudzi woyandikana, wamfupi, wolankhula motsitsa. Iyeyu ankakopera masamu pa sileti yanga. Iye anapitirira, anakhoza mayeso, amishoni anamutengera kusukulu yawo yaikulu yogonera komweko. Ine ndinatenga khasu.

Nditakula ndinakwatira kumudzi wina chakumadzulo kwa Nsaru, ndinapita chikamwini. Amene sanalaweko chikamwini ndimuuze. Nyumba umamanga ndiwe, koma dothi si lako. Munda umalima ndiwe, koma nkhokwe yoyamba kudzaza ndi ya apongozi. Ndipo apongozi aakazi suyang'anana nawo maso. Ukawaona akubwera m'njira umapatukira kutchire, ngakhale kuli chitedze. Ukakhala ndi mawu umauza mkazi wako, iye ndiye akawatule. Ine wamtima wapachalane ndinasunga zonsezi mvula ziwiri osaphonyetsa, chifukwa mkazi wangayo ndinkamukonda, ndipo chaka chimene ndikunenachi anali ndi pakati.

Inali nthawi ija ya malimidwe, boma litalamula kuti munda uliwonse wotsetsereka ukhale ndi milambala, mizere ikuluikulu yopingasa yotchinga madzi. Wosamvera ankamutengera kubwalo. Anthu ankaopa, koma odziwa kuyeza poyenda mlambala anali ochepa. Ndiye kusukulu ya amishoni kuja anaganiza zothandizapo. Kunali kagulu ka ophunzira otsogola pamayeso, ovala baji yobiriwira pachifuwa. Amenewa ankawatumiza m'midzi kukagwira ntchito yongodzipereka: kulembera amayi makalata opita kwa amuna awo ku Halale ndi ku Joni, kuphunzitsa akuluakulu kuwerenga, ndi kukhoma zikhomo zosonyeza poumba milambala.

Kumudzi kwa apongozi anafika atatu, panjinga, dzuwa likuswa mtengo, mvula isanayambe. Wotsogolera anali mnzanga wa pachipika uja. Anandigwira chanza akumwetulira.

"Aa, ndiwe kodi? Wanenepatu."

"Kunenepa kwanji? Ndi khasu limeneli."

Apongozi anatulutsa mpando wokhawo wa pakhomopo. Mpandowo ndinasema ndine, koma ndinali ndisanaukhalirepo pabwalo pawo. Mnzangayo anakhala, mwendo pamwamba pa unzake, n'kumacheza ndi apongozi maso ndi maso ngati mwana wawo. Nkhuku inafa. Ine ndinanjuta kuseri kwa nkhokwe monga mwa malo anga, ndikusongola zikhomo.

Kumunda tinapita tonse. Chida chawo chinali chingwe chachitali, ndodo ziwiri, ndi kagalasi kamadzi kokhala ndi kathovu m'kati. Amati kathovuko kakaima pakati ndiye kuti malo alingana, khomani chikhomo. Apongozi ndi mkazi wanga ankatsatira pambuyo, choncho ine ndinkayenda chapatali, nkhope kumbali, mtolo wa zikhomo paphewa.

Tsono munda umenewo uli chonchi. Kumtunda kwake kumadutsa njira ya ngolo yochokera kuphiri. Dzinja njirayo imasanduka mtsinje, madzi ake amalowa m'munda pambali pa chulu, n'kutsika m'kangalande kaudzu mpaka kudambo. Kangalande kameneko sitinkakalima. Koma chilimwe, udzu utapsa, sungakaone ngati sunagonepo m'mudzimo nthawi ya mvula. Zikhomo zinayenda bwinobwino mpaka pachulu, kenako zinadutsa pakangalandepo n'kukatseka. Kunsi kwake kunali kodzala mtedza wa apongozi.

Ndinasendera kwa mnzanga uja, ndinanong'ona. "Apa siyani mpata. Pamadutsa madzi."

Anayang'ana kagalasi kake. "Kathovu kakuti pali bwino."

"Kathovu kakoko kanagonapo kuno dzinja?"

Anzake awiri aja anaseka, wina ananena zinazake m'Chingerezi, n'kusekanso. Mnzangayo anandiyankha mofatsa, kufatsa kuja kopsetsa mtima. "Buku likuti mlambala usaduke, mnzanga. Bweretsa chikhomo."

Ndinachita zoyenera mkamwini. Ndinakodola mkazi wanga, ndinati kawauzeni amayi kuti pachulu pasatsekedwe. Anapita, anagwada, analankhula. Anabwerako maso ali pansi.

"Akuti chiyani?"

"Akuti ophunzira ndi amene akudziwa."

"Bwereraninso. Muwakumbutse madzi a chaka chatha."

Anapitanso, ndi mimba yakeyo, padzuwa. Ulendo uno anachedwa kubwerako, ndipo atafika sanafune kunena. Ndinamukakamiza.

"Akuti amene anathyola mkwapulo wa aphunzitsi asatithyolerenso zikhomo."

Mawuwo anyamata aja anawamva. Mmodzi anatembenuka kubisa mano. Kuchokera pamenepo sindikumbuka kuti ndinaganiza kanthu. Mtolo uja ndinauponya pansi, ndinayenda molunjika, ndinakaima pamaso pa apongozi, pafupi moti ndinaona koyamba kuti ali ndi mphini m'masaya. Mvula ziwiri ndinali ndisanaione nkhope imeneyo. Ndinakuwa.

"Mayi inu, munabadwira m'munda uno! Simukudziwa podutsa madzi? Baji yakutsekani m'maso?"

Ndinazula zikhomo zitatu n'kuziponya kudambo. Apongozi anadzifunda nsalu kumutu n'kukhala pansi pomwepo, padothi lotentha. Mkazi wanga anagwira pakamwa.

Mwini mbumba pamudzipo anali atsibweni a mkazi wanga, munthu woseka bwino koma wochenjera. Anati nkhaniyi tidzaikamba tikatha kudzala. Ndinadziwa tanthauzo lake: mkamwini sapirikitsidwa nthawi yolima. Anyamata aja anabwezera zikhomo zawo n'kukwera njinga. Mlambalawo ndinaumba ndekha masabata awiri, ndipo ndikulumbira, ndinauumba bwino, ndikupondaponda ndi mapazi, chifukwa ndinkafuna kuti ukadzaphulika pasadzapezeke wonena kuti ndinanyengeza.

Mvula yeniyeni inagwa masana ena mtedza utamera. Madzi a m'njira ya ngolo anatsika, anapeza potseka, anadikha kuseri kwa mlambala ngati dziwe. Ndinaima pachulu ndikunyowa, kuonerera. Kenako dothi linangoti phwa, pompaja ndinanena. Madzi anasesa mtedza wonse n'kusiya chigwembe chofika m'chiuno. Ndivomere, mumtima ndinasekerera. Ndinati lero aona.

Sanaone. Mmawa mwake mudzi wonse unali kunena kuti mkamwini waumba mofooka dala pamalo amene anakanganira, kuti apongozi achite manyazi.

Ankhoswe anakhala pansi. Wa mbali yanga anali achimwene anga aakulu. Atsibweni aja anati milandu ilipo iwiri, wa pakamwa ndi wa munda. Wa pakamwa, anatero, nkhuku ikhoza kuuthetsa, ngati zitaoneka kuti mwanayu anakuwa chifukwa choona zoona. Koma ngati anaononga munda mwadala, atenge khasu lake ndi mphasa yake.

"Abwere mnyamata wa baji uja anene yekha ngati zikhomo zinalakwika. Tikupatsani mpaka Lamulungu."

Achimwene anandibwereka njinga. Ndinanyamuka kukucha, ndinakafika dzuwa litapendeka. Aka kanali koyamba kuona sukulu yotero. Nyumba za njerwa zofolera malata, mizere ya bulugamu, miyala yopaka laimu m'mbali mwa tinjira, maluwa othiriridwa ndi keni ngati ndiwo. Anyamata ena ankamenya mpira, ena anali pansi pa mango kutsutsana m'Chingerezi, manja m'mwamba. Belu lawo linali chitsulo cha njanji chopachika pamtengo, likalira onse ankadziwa kopita. Ndinayang'ana miyendo yanga yamatope. Ndinaganiza za mbuzi ija.

A baji anali ndi chipinda chawochawo, chokhala ndi tebulo, mabuku m'khoma, ndi mapu a dziko lonse. Pachitseko anamata pepala la midzi imene anathandiza. Kuwerenga ndimatha. Mudzi wa apongozi unalipo, atauchonga ndi inki yofiira.

Mnzanga uja anatuluka, zala zili inki yokhayokha. Atandiona nkhope inagwa. Ananditengera kuseri kwa khitchini, kumene kunkanunkhira nyemba, ndipo ndinamufotokozera zonse. Anamvetsera akukanda pansi ndi nsapato.

"Unkanena zoona," anatero. "Titabwerera kuno tinapitiriza buku lija. Tsamba lotsatira likuti ngalande yachilengedwe isatsekedwe, isiyidwe ndi udzu wake. Nthawi imene tinabwera kwanu tinali tisanafikepo."

"Munali musanafikepo."

"Eya."

"Chabwino. Kwera pakaliyala, ukanene zimenezo kwa ankhoswe."

"Iii, mnzanga, mayeso ali sabata yamawa. Kutuluka kuno mpaka chilolezo, ndipo popempha chilolezo ayenera kufunsa chifukwa. Akamva kuti tinalakwitsa atilanda baji. Ukudziwa kuti amene amawatumiza kukaphunzira kunja amawasankha mwa a baji okhaokha?"

"Ndiye lemba kalata. Suja umalembera amayi a eni makalata a ku Joni?"

"Kalata imatsala, imayenda m'manja mwa anthu."

"Iwe, ukwati wanga ukutha! Mkazi wanga ali ndi pakati!"

Mawu anga anakwera mpaka ophika anasuzumira. Posakhalitsa panafika aphunzitsi ena aimvi, ovala tayi, amene anali alangizi a kagulu ka a bajiko. Sanandikalipire. Anandikhazika pabenchi, anaitanitsa tiyi m'kapu yachitsulo, n'kundimvetsera mpaka kumapeto akugwedeza mutu. Ndinayamba kukhulupirira kuti mwina pano pali munthu.

"Mwana wanga," anatero, "anyamatawa salandira kanthu. Amasiya tchuthi chawo chifukwa chokonda anthu a kwawo. Tikayamba kuwaimba milandu pa chilichonse chimene mvula yachita, ndani adzadziperekenso? Midzi ingati idzasowe wothandiza?"

"Ine sindikufuna mlandu, bambo. Ndikufuna akanene mawu awiri okha."

"Ndamva. Koma ndikakuyang'ana, vuto lako lalikulu si mlambala ayi. Ndi mkwiyo. Munthu wokalipira apongozi ake ayambe wadzifunsa yekha. Pita ukapepese modzichepetsa, Mulungu adzafewetsa mitima."

"Kodi madzi aja anaphulika ndi mkwiyo wanga?"

Anamwetulira, n'kundisisita paphewa. Kapu inali m'manja mwanga, yotentha, ndipo nkhope yawo inali pafupi. Koma tsiku limenelo, koyamba chibadwire, ndinaugwira mtima. Ndinaika kapu pabenchi mwaulemu, ndinathokoza, ndinadzuka. Anthu akhala akundiuza kuyambira ndili mwana kuti ukaugwira mtima zinthu zimakuyendera. Ndinaugwira, ndipo ndinabwerako chimanjamanja.

Pachipata mnzanga uja anandithamangira. Anasolola kabuku m'malaya, akuyang'ana uku ndi uku.

"Tenga. Ndapinda pakona pa tsambalo. Ukawaonetse. Koma usanene kuti ndakupatsa ndine."

Ndinagona kwa wachibale m'njira, ndinafika Loweruka. Lamulungu ankhoswe anakhalanso. Ndinapereka kabukuko kwa achimwene, iwo anapereka kwa atsibweni aja. Kanali ka Chingerezi. Pabwalo ponsepo wotha kugwirako mawu awiri atatu ndinali ine ndemwe, woimbidwa mlandune. Atsibweni anakatembenuza uku ndi uku, anakanunkhiza, n'kuseka.

"Aphwanga, buku lilibe pakamwa. Ife tinati abwere munthu. Munthuyo ali kuti?"

"Ali ndi mayeso."

"Ndiye kuti mayeso ake ndi aakulu kuposa anuwa."

Achimwene anayesetsa. Anati tiyeni tonse tikaone pachulu, aliyense wa mudzi uno akudziwa podutsa madzi. Palibe anadzuka. Akanadzuka bwanji? Kuvomera kuti ndinanena zoona kunali kuvomera kuti mayi wa pamudzi anaphonya m'munda wake womwe, pamaso pa mkamwini. Apongozi anakhala chakumbali atatifulatira, nsalu kumutu.

Ndinatenga khasu, nkhwangwa ndi mphasa. Mpando uja ndinausiya. Mkazi wanga anandiperekeza mpaka panjira ya ngolo, akuyenda pang'onopang'ono, dzanja kumsana. Sanalire. Pobwerera anati:

"Mukanangokhala chete tsiku lija, bambo, madzi akanakulankhulirani."

Mawu amenewo amandiwawa kuposa onse, chifukwa ndayesa kuwatsutsa zaka zinayi tsopano ndipo ndalephera.

Mwana anabadwa wamkazi. Ndamuonapo kawiri pamsika wa Nsaru, koyamba ali kumsana, kachiwiri akuyenda yekha atagwira nsalu ya amake. Sandidziwa. Ine ndili pa esiteti ina kufupi ndi Namitete, ndikufukiza fodya wa eni. Ndinamva kuti chaka chotsatira kapitawo wa zaulimi anadutsa m'munda muja, anaima pachulu, n'kulamula kuti atsegule mpata wa madzi, ndipo apongozi anamuyamika kuti ndi munthu wanzeru. Ndinamvanso kuti mnzanga uja anamusankha, anakwera sitima kupita kukaphunzira kunja, ndipo kwawo anavina.

Kabuku kaja ndinakhala nako nthawi ndithu. Pepala lake ndi lofewa bwino, limapichirira fodya osang'ambika. Ndinayambira tsamba lopinda pakona lija.