Ambuya Esinati, Mlamba ndi Kamera ya a Mundia

Ndikakumbukira Ambuya Esinati, ndimamva fungo la nsomba zowamba pa utsi wa nkhuni za tsanya, losakanikirana ndi fodya wa m'mphuno amene ankamusunga m'kabotolo komangirira pansonga ya chitenje. Anali mayi awo a amayi anga, ndipo ndi iwo anandilera kwathu ku Malama, pakuti amayi anatsatira abambo ku migodi ku Kitwe ine ndisanathe n'komwe kusenza chidebe cha madzi. Makalata ankabwera mwa apo ndi apo, koma eni ake ayi. Ambuya sankadandaula pagulu. Ankangoti, "Ku Kitwe kuli ulimbo," n'kukoka fodya wawo mpaka kuyetsemula.

Dziko litangolandira ufulu, pasukulu yathu panabwera mphunzitsi wochokera kutali ku Mongu, dzina lawo a Mundia, ndipo nyumba yawo inayandikana ndi yathu. Anali aatali, oonda ngati kakowa, olankhula Chinyanja cha m'mabuku chimene chinkatiseketsa ife ozolowera Chikunda. Anali ndi kamera, kabokosi kakuda ka lamba, kamene munthu ankakagwira pamimba n'kusuzumiramo pamwamba ngati akuona madzi m'chitsime.

Mvula ikatha, mapira akucha m'minda, udzu ukuyamba kufiira, mtsinje wa Luangwa unkaphwera n'kusiya mchenga woyera ndi mathawale odzaza nsomba. Nyengo imeneyo, Lamlungu lililonse cha m'ma folo koloko, a Mundia ankavala kabudula wa khaki ndi masokosi ofika m'mawondo, n'kumayenda m'mbali mwa mtsinje mwakachetechete, akunyang'ama ngati ali ndi minga kuphazi. Ankajambula akakowa, atsekwe, mvuu yoyasamula, ngakhale mtengo wakufa wogwera m'madzi. Munthu sanamujambulepo. Mudzi wonse unkadabwa kuti filimu yochita kutumiza ku Foti Jemusoni kukatsukitsa ingathere bwanji pa mbalame zimene sizidzapempha n'komwe kuona nkhope zawo.

Tsiku lina tikusinja mapira, Ambuya anaima, musi uli m'manja, nati, "Dailesi, amako akaona mmene nkhope yangayi yakalambira, adzakumbuka njira ya kwawo."

"Ndiye tikawapemphe aphunzitsi akujambuleni," ndinatero.

"Iwe! Munthu wamkulu sapempha. Amangoonekera."

Lamlungu lotsatira anaonekeradi. Anadzola mafuta a nsatsi mpaka kuwala, anavala chitenje chawo chopita nacho kutchalitchi, duku yofiira ndi mikanda, ndipo anandiuza kuti tikatole nkhuni. Nkhunizo zinapezeka kuti zili pamalo pomwe a Mundia anagwada kuseri kwa chitsamba, akulunjika gulu la atsekwe.

"Mwaswera bwanji, aphunzitsi!" anafuula Ambuya, ndipo atsekwe onse anauluka.

A Mundia anadzuka pang'onopang'ono, akusansa mchenga m'mawondo. "Ine ndaswera bwino, ambuya. Koma atsekwe aja sanaswere bwino."

Ambuya anapita kukaima patsogolo penipeni pa kamera, manja ali m'mbali, chibwano m'mwamba, osaphethira. A Mundia anawayang'ana nthawi yaitali, nkhope yawo ikuoneka yachisoni.

"Ambuya, kodi khosi lauma? Kuchipatala kuli mankhwala opaka."

Tinabwerera kunyumba, ndipo nkhuni sitinatole.

Ndine ndinawapatsa Ambuya nzeru yachiwiri, ngakhale sindinadziwe. Ndinawafotokozera zimene a Mundia anatiuza m'kalasi, kuti chimene ankalakalaka kwambiri chinali kujambula nkhwazi, mbalame ya pa mbendera yatsopano, kuti chithunzicho achikhome pakhoma la sukulu. Anayesa kambirimbiri, koma pachithunzi nkhwaziyo inkaoneka ngati ntchentche yatera pa pepala. Madzulo omwewo Ambuya anapita pakhonde la aphunzitsi.

"Nkhwazi yanu ija ine ndingakuitanireni. Mbalame siitanidwa ndi masokosi, imaitanidwa ndi nsomba."

Lamlungu tinapita tonse atatu ku thawale lina kumene nkhwazi inkakonda kutera pamtengo wouma tsidya lake. Ambuya anavalanso zokongola zonse zija. M'dengu munali mlamba waukulu umene anauvuula m'mono m'mawa womwewo, ndipo ife tonse tinkayesa kuti unafa. Pangano linali lakuti iwo auponye pamadzi, nkhwazi itsike, a Mundia ajambule. Koma Ambuya anakwera pachipika chimene chinagona m'mphepete mwa matope, anakweza mlamba pamwamba pa mutu ndi manja awiri, natembenukira kwa kamera, chibwano m'mwamba ngati kale.

"Ponyani, ambuya," ananong'ona a Mundia.

"Jambulani kaye."

"Nkhwazi sinabwere."

"Ili m'njira. Jambulani, idzapeza malo ake."

"Ambuya, ponyani nsomba, chonde!"

Akulimbana choncho, mlamba unatsitsimuka. Unapindika kamodzi, mchira wake unawamenya Ambuya pa tsaya, phwa! Chipika chinagubuduka, ndipo Ambuya anakhala pansi m'matope mpaka m'chiuno, akutukwana mlamba, makolo ake ndi mtsinje umene unaubala. A Mundia, podzidzimuka, anadinda kamera osadziwa. Kenaka anaisiya pamchenga n'kuthamanga kukawavuula, ndipo nsapato yawo imodzi inatsalira m'matope momwemo. Pa nthawi imene onse awiri ankakokana, nkhwazi inatsika mwaulemerero wake wonse, mapiko tambalala, zikhadabo patsogolo, inatola mlamba uja pamadzi osaya n'kupita nawo. Amene anaiona bwinobwino ndine ndekha, ndipo ndinkaseka mpaka mimba kupweteka, moti pofika kunyumba khutu langa linali lofiira ndi zala za Ambuya.

Patapita masabata angapo, zithunzi zinabwera pa lole ya ku boma. A Mundia anafika pakhomo pathu chipewa chili m'manja.

"Ambuya, pepani kwambiri. Chithunzi ichi ndiching'amba pamaso panu, kuti munthu wina asachione."

Ambuya anachilanda. Pachithunzipo anali atakhala m'matope, mwendo umodzi uli m'mwamba, duku itapendekera pa khutu, pakamwa pali yasa, ndipo pamwamba pa mutu wawo panali chinthu chakuda chachitali chopindika chikuuluka. Anachiyang'ana pafupi, anachiyang'ana patali, anachitembenuza chadodolido.

"Mikanda yaoneka bwino," anatero pomaliza. "Chiikeni m'envulopu chipite ku Kitwe."

"Ndilembe kuti chiyani?"

"Musalembe kanthu. Chipite chokha."

Dzinja lisanabwere, tsiku lina masana tikuswa mtedza pabwalo, tinaona mayi wina akubwera chothamanga m'njira yochokera kumsewu, mwana ali kumbuyo, sutikesi pamutu, fumbi mpaka m'mawondo. Ine sindinawadziwe, ndinakabisala kuseri kwa nkhokwe. Mayiyo anagwetsa sutikesi, nagwada pamaso pa Ambuya, akulira, n'kumawagwira manja, miyendo, khosi.

"Amayi, njoka ija inakulumani pati? Ku komboni konse anena kuti ndi njoka. Ena akuti mwapenga. Sindinagone chilandirire chithunzi chija!"

Ambuya anapitiriza kuswa mtedza. "Unali mlamba, Felesiya. Ndipo tsiku limenelo tinagonera ndiwo zamasamba."

"Ndiye bwanji osalemba mawu? Bwanji kunditumizira chinthu choopsa chotere?"

"Ndikanatumiza chokongola, ukanachikoloweka pakhoma n'kumauza anzako kuti amayi ali bwino. Pukuta misozi, mwana wako wabisala uko ngati khoswe."

Amayi anatembenuka nandiitana dzina langa, ndipo mawu awo ndinawazindikira ndisanazindikire nkhope. Ndinatuluka pang'onopang'ono. Anandikumbatira ndi dzanja limodzi, linalo akumasula mlongo wanga amene ndinali ndisanamuonepo, wonenepa masaya, amene anayamba pomwepo kukoka mikanda ya Ambuya. Anakhala nafe mpaka mvula yoyamba, ndipo kuyambira pamenepo chaka sichinkatha osabwera.

A Mundia anaphunzitsa kwathu zaka zingapo, ndipo nkhwazi yooneka bwino sanaijambulepo. Koma anthu atamva nkhaniyi, nkhalamba za mudzi wonse zokhala ndi ana ku migodi zinayamba kuwadikirira m'mbali mwa mtsinje Lamlungu lililonse, wina atamanga sanza ku mwendo, wina akutsimphina ndi ndodo yobwereka, mpaka aphunzitsi anayamba kutulukira kuseri kwa nyumba yawo.

Lero ine ndine ambuya, ndipo ana anga ali ku Lusaka ndi ku Ndola. Akaimba foni amati, "Amayi, titumizireni chithunzi tikuoneni." Sindifunafuna duku yatsopano. Ndimaitana mdzukulu wanga amene ndikukhala naye, ndimakhala pamphasa yong'ambika, n'kumuuza kuti adikire mpaka nditsokomole, ndiye ajambule. Pasaka yapitayi anabwera onse.