Mapazi pa Njerwa Zaziwisi

Ndikukumbukira bwino kuti sukulu yathu ya mkaka kwa Mlonyeni inayambira m'chigafa cha fodya cha a Zulu. Tinkakhala pa masaka, tikuimba pambuyo pa mlezi wathu, Anaphiri, fungo la fodya wa chaka chatha likutiyetsemulitsa. Vuto linali limodzi: fodya akakhwima, eni ake ankafuna chigafa chawo, ife n'kubalalika mpaka dzinja lithe. Chaka chimenecho a Zulu ananeneratu kuti tikatuluka, tatulukiratu.

Choncho makolo anagwirizana zoumba njerwa kuti atimangire chipinda chophunziriramo. Abambo anagwira zikombole, amayi akutunga madzi kudambo. Tsiku lina masana, akulu atapita kukapuma, ndinaona njerwa zaziwisi zitandandalikidwa padzuwa, zosalala, zonyezimira. Mapazi anandiyabwa. Ndinauza anzanga kuti Anaphiri alonjeza phala lowonjezera kwa amene aponde njerwa zambiri. Amwene, kuzizira kwake! Dothi linkatuluka pakati pa zala likulira kuti fwatya, fwatya, ife tikukuwa ndi chimwemwe.

Abambo atabwera, a Zulu anaponya chikombole pansi.

"Thukuta lathu lonse lija? Basi, ana opanda mwambo awa azikaweta mbuzi. Tiyeni tizipita."

Ena anayambadi kutola makasu awo. Anaphiri sanathyole kamtengo ayi. Anatiyang'ana kumapazi, n'kukwinya chitenje mpaka m'mawondo, n'kulowa m'dzenje la matope.

"Popeza mapaziwo akuyabwa, bwerani muponde muno. Iwe Chikondi, tsogola, ndiwe katswiri."

Tinalumphiramo tonse. Anayambitsa nyimbo yowerengera manambala, ife tikuponda motsatira. Amayi anatula zidebe, n'kuthira madzi, ena n'kulowamo akuseka. Abambo anaima kanthawi manja ali m'chiuno. Kenako a Zulu anawerama, natola chikombole chija.

Koma chimene sindidzaiwala ndi tsiku lophwasula uvuni wa njerwazo. Ine ndinkadziwa kuti dothi ndi dothi, mvula ikagwa limasungunuka. Apo ndinaona njerwa zofiira psuu, zofundabe, zolira ngati chitsulo ukaziombanitsa. Ndinagwira imodzi ndi manja awiri, pakamwa pali yasa. Matope omwe aja tinkaponda ife! Tsiku limenelo sindinavutitse munthu aliyense, ndipo amayi anga anandigwira pamphumi poganiza kuti ndadwala malungo.

Pano ndili folomu 3. Ndikamadutsa pasukulupo pa njinga ndimaima dala. Chipinda chimodzi chija chinabala zinzake, pali malata, khitchini, akatungwe, ndi munda wa soya wa phala la ana. Alezi achuluka, ana a matenanti a ku maesiteti nawonso amabwera, ndipo fodya akakhwima palibe amene amathamangitsidwa. Anaphiri, imvi zili mbuu, amawauza ana kuti asatengere khalidwe langa. Ine ndimangomwetulira. Ana a masiku ano ndi aulemu, ovala nsapato, amapeza khoma litaima kale. Ndimawamvera chisoni pang'ono: sadzaona mudzi wonse uli m'dzenje limodzi, matope mpaka m'mawondo, ukuimba chifukwa cha iwo.